Kulumikiza Chowonjezera Chanu ku Pulogalamu ya pa Terminal: Mafunso ndi Mayankho

Mapulogalamu ambiri amene timawalamula polemba mawu pa terminal, monga git, gh, kubectl ndi sf, eni ake anawasiyira mpata woti munthu wina aliyense awonjezerepo malamulo ake. Zowonjezerazi ndi zija opanga mapulogalamu amati ma plugin kapena ma extension. Kugwiritsa ntchito chowonjezera chimene wina anamaliza kale sikuvuta. Mutu umaima kwa amene akulemba chake: chisanathe, achiyesa bwanji m'kati mwa pulogalamu yeniyeniyo? Ambiri amatsata njira yolumikiza, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka munthu akangoyamba kuitsata.

Kulumikiza kumeneku n'kutani? Kukusiyana pati ndi kuika chowonjezera mwa masiku onse?

Mukaika chowonjezera mwa masiku onse, pulogalamu imakopera mafayilo ake n'kuwasunga m'foda yakeyake. Kuyambira pamenepo makope ndi awiri: lanu limene mukulemba, ndi lija pulogalamu yasunga. Mukasintha lanu, linalo silimva kanthu.

Polumikiza sipakhala kukopera. Pamalo pamene pulogalamu imayang'ana zowonjezera pamaikidwa kanthu kakang'ono kolozera ku foda imene mukugwiriramo ntchito. Pulogalamu ikafuna chowonjezeracho imatsata kolozerako n'kukawerenga mafayilo anu enieni, mmene alili pa mphindi imeneyo. Pa Linux ndi macOS kolozeraka kawirikawiri kamakhala symlink, kafayilo kamene m'kati mwake mulibe china koma njira yopita ku fayilo kapena foda ina. Kamapangidwa ndi lamulo la `ln -s`, ndipo si ka dzulodzuloli: kanalowa mu Unix kudzera mu BSD ya ku yunivesite ya California ku Berkeley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Apa tizingokatchula kuti ulalo.

Bwanji osangochiika mwatsopano nthawi iliyonse ndikasintha?

Mukhoza kutero, koma mutopa msanga. Wolemba pulogalamu amasintha mzere umodzi, ayese, asinthenso, ayesenso, mpaka dzuwa kulowa. Ngati pakati pa kusintha ndi kuyesa pali ntchito yomanga phukusi, kukweza nambala yake, kulitumiza pa intaneti ndi kulitsitsanso, munthu amayamba kuunjika zosintha zambiri asanayese. Chikalakwika, sadziwanso kuti mwa zonsezo chautsa mavuto n'chiti. Komanso pa npm ndi pa PyPI nambala ya phukusi ikagwiritsidwa ntchito kamodzi siibwerezedwa, ngakhale phukusilo mutalichotsa, ndiye si malo oyeserapo zinthu zosapsa. Ulalo wokha sufuna intaneti n'komwe, ndipo amene amakhalira bandulo ya tsiku limodzi akudziwa phindu la zimenezi.

Tandionetsani chitsanzo chimodzi, kuyambira poyamba mpaka chiyende.

Titenge gh, pulogalamu ya GitHub ya pa terminal, imene inayamba kulandira zowonjezera mu 2021 itafika pa 2.0. Zimene imafuna n'zochepa: dzina la foda liyambe ndi `gh-`, ndipo m'fodamo mukhale fayilo yotha kuyenda ya dzina lomwelo. Mukalemba `gh extension create moni` ikupangirani foda ya `gh-moni` yokhala ndi kafayilo ka Bash koyambirapo. Lowani m'fodamo mulembe `gh extension install .` osaiwala kadontho ka kumapetoko, pakuti ndi kamene kakuimira foda imene mwaimamo. gh ikaona kuti mwaipatsa foda ya pa kompyuta yanu m'malo mwa dzina la pa GitHub, siikopera kanthu. Imangoika ulalo m'foda yake ya zowonjezera, imene pa Linux imakhala `~/.local/share/gh/extensions`. Tsopano `gh moni` ikuyenda. Tsegulani fayilo ija, sinthani mawu amene imalemba, sungani, bwerezani `gh moni`, muona kuti zosinthazo zafika kale.

Wofuna kuona ndi maso ake alembe `ls -l` pa foda ya zowonjezerayo. Dzina la `gh-moni` lioneka ndi kamuvi kolozera kumene kuli ntchito yake. Lamulo la `gh extension upgrade` silikhudza chowonjezera cholumikizidwa, ndipo m'pomveka, chifukwa kulibe kwina kumene kungachokere chatsopano kuposa chimene chili m'manja mwanu.

Kodi mapulogalamu onse amalumikiza chimodzimodzi?

Ayi. Ndipo mukadziwa mmene pulogalamu yanu imapezera zowonjezera, zinthu zikavuta simuzungulira kwambiri.

Ena amangodalira dzina. Mukalemba `git moni`, git ikaona kuti ilibe lamulo lotero imafufuza m'mafoda onse olembedwa mu PATH ngati muli fayilo yotchedwa `git-moni`, ikaipeza imaiyendetsa. kubectl imachita zomwezo ndi mayina oyamba ndi `kubectl-`, cargo ya Rust ndi oyamba ndi `cargo-`. Kumeneku lamulo lapadera lolumikizira kulibe chifukwa silifunika. `ln -s` imodzi yochokera pa fayilo yanu kupita m'foda ya mu PATH, monga `~/.local/bin`, yakwana. Chosamala n'chakuti mulembe njira yonse ya fayiloyo. Njira yachidule imawerengedwa kuchokera pamene ulalo wakhala, osati pamene inu munaima pouika, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa: ulalo ulipo, koma ukulozera kopanda kanthu.

Ena ali ndi kaundula wawo. oclif ndi chida chomangira mapulogalamu a pa terminal chimene a Heroku anachitulutsa poyera mu 2018, ndipo `heroku` komanso `sf` ya Salesforce zinamangidwa pamenepo. Kumeneku mumalemba `sf plugins link .` kapena `heroku plugins:link .`, pulogalamu n'kulemba njira ya foda yanu mu fayilo yake ya kaundula pamodzi ndi chizindikiro choti ichi n'cholumikizidwa. Mukalemba `sf plugins` muchipeza pa mndandanda ndi chizindikirocho.

Python ili ndi njira yakeyake, `pip install -e .`, imene imasiya m'foda ya `site-packages` kafayilo, nthawi zambiri kothera ndi `.pth`, kouza Python kumene ikapeze khodi yanu. Njirayi inalipo kalekale mu setuptools, koma inakhazikitsidwa kuti zida zonse zomangira maphukusi ziziitsata kudzera mu PEP 660 mu 2021. Pulogalamu ngati pytest imapeza zowonjezera zake poona mayina amene phukusi limalembetsa poikidwa, choncho kuika kotereku n'kokwanira kuti chanu chidziwike.

Nanga `npm link` imasokoneza anthu chifukwa chiyani?

Chifukwa ndi lamulo limodzi la ntchito ziwiri. Mukalilemba lokha muli m'foda ya phukusi lanu, npm imaika ulalo wa phukusilo m'foda yake ya maphukusi a kompyuta yonse, ndipo ngati mu `package.json` muli gawo la `bin`, imaikanso ulalo wa lamulo lanu pamalo poti terminal ilipeze. Ngati mukulemba pulogalamu yoima payokha, mwamaliza. Koma ngati phukusilo likufunika m'kati mwa pulojekiti ina, mupite m'foda ya pulojekitiyo mukalembenso `npm link`, ulendo uno ndi dzina la phukusi kumapeto kwake. Pamenepo m'pamene ulalo wachiwiri umalowa mu `node_modules`. Dzinalo ndi lija lalembedwa mu `package.json`, osati dzina la foda.

Ulalowu umatha kusowa mwakachetechete. `npm install` ya pambuyo pake ikhoza kuuchotsa n'kuikapo kope la pa intaneti, popeza npm siilemba za ulalowo mu `package.json` pokhapokha mutaiuza. Amene amagwiritsa ntchito nvm ali ndi msampha winanso: Node iliyonse ili ndi foda yakeyake ya maphukusi a kompyuta yonse, moti mukachoka pa Node 20 kupita pa 22 lamulo lanu limaoneka ngati lasowa, pamene lili phee kumene munalisiya.

Ndalumikiza, ndasintha khodi, koma pulogalamu ikuchita zakale zomwe zija. Chalakwika n'chiyani?

Yambani mwadzifunsa ngati chimene chikuyendacho ndi fayilo imene mukusinthayo. Bash, Python ndi JavaScript zimawerengedwa mmene zalembedwera, ndiye kusunga fayilo n'kokwanira. Go ndi Rust zimafuna kumangidwa kaye, TypeScript nayo kawirikawiri imayamba yasandutsidwa JavaScript. Ulalo ukulozeradi ku foda yanu, koma chimene pulogalamu imayendetsa ndi chija chinatuluka pomanga komaliza. Chowonjezera cha gh cholembedwa mu Go chimafuna `go build` mukangosintha kanthu. Pa TypeScript, siyani `tsc --watch` ikuyenda pa windo lina kuti izimanga yokha mukasunga. oclif imayesa kukuchitirani ntchito imeneyi pa zowonjezera zolumikizidwa, koma si nthawi zonse pamene imatha. Makamaka pa zolembedwa mwa ESM imatha kukuchenjezani kuti ingogwiritsa ntchito zimene munamanga kale. Chenjezo limenelo anthu amalidumpha ngati chikwangwani cha malonda, chonsecho yankho lili momwemo.

Palinso zinthu zimene pulogalamu siiwerenga m'khodi, koma zinalembedwa kamodzi pa nthawi yoika. Mu Python, mukasintha zam'kati mwa function zioneka pompo, koma mukawonjezera lamulo latsopano mu `pyproject.toml` muyenera kubwereza `pip install -e .`, pakuti mndandanda wa malamulo unalembedwa nthawi ija. Ku npm n'chimodzimodzi mukasintha gawo la `bin`. Ku oclif, fayilo ya `oclif.manifest.json` ikatsalira m'foda kuchokera pamene munamanga phukusi, pulogalamu imakhulupirira mndandanda wa m'menemo, lamulo lanu latsopano osalionanso. Ifufuteni, idzapangidwanso mukadzamanga phukusi lotumiza.

Mwinanso pali mafayilo awiri a dzina limodzi. Terminal imayenda m'mafoda a mu PATH motsata ndondomeko, ndipo woyamba kupezeka ndiye amapambana. Ngati munaikapo kale kope lina la pulogalamu yomweyo, likhoza kukhala patsogolo pa ulalo wanu. `type -a` ndi dzina la lamulo ikuonetsani onse, ndipo pa Linux `readlink -f` ikuuzani kumene ulalo ukuthera. Bash imakumbukiranso pamene inapeza lamulo ulendo watha, ndiye mukasuntha zinthu lembani `hash -r` kuti iiwale.

Ngati ikukana ponena kuti mulibe chilolezo, fayiloyo ikufuna `chmod +x`. Ikamadandaula za `bash` yokhala ndi `^M` kumapeto, ndiye kuti fayiloyo inasungidwa ndi mathero a mizere a Windows.

Zonsezi zikakanika, ikani pamwamba penipeni pa khodi mzere wolemba mawu achilendo, ngakhale dzina la mudzi wa kwanu. Akapanda kuoneka, lekani kufufuza cholakwa m'khodi. Fayilo imene mukulimbana nayoyo si imene ikuyenda.

Chowonjezera changa ndi pulogalamu yaikulu zimagwiritsa ntchito laibulale imodzi, koma ndikalumikiza sizikumvana. Zimatheka bwanji?

Node ikakumana ndi ulalo imautsata mpaka pa foda yeniyeni, kenako imafufuza malaibulale kuyambira pamenepo kukwera m'mwamba. Ndiye kuti chowonjezera chanu chimatenga laibulale ya mu `node_modules` yake, pulogalamu yaikulu nayo n'kutenga ya mu yake. Dzina ndi limodzi, mwinanso nambala ndi imodzi, koma kwa Node ndi zinthu ziwiri zosadziwana. Chinthu chopangidwa ndi kope loyamba chikayesedwa ndi `instanceof` ku kope lachiwiri chimakanidwa, ndipo zimene kope lina lasunga linalo silizidziwa. Olemba React amalidziwa bwino vutoli, chifukwa makope awiri a React m'pulojekiti imodzi amatulutsa uthenga wotchuka uja wa "Invalid hook call", munthu n'kumafufuza cholakwa m'khodi yolembedwa bwinobwino.

Mankhwala ake ndi kuonetsetsa kuti kope ndi limodzi. Laibulale imene pulogalamu yaikulu iyenera kupereka ilembedwe mu `peerDependencies`, ndipo poyesa mukhoza kulumikizanso laibulaleyo kuti mbali zonse ziwiri zizilozera kumodzi. Node ili ndi `--preserve-symlinks` youza kuti isatsate ulalo mpaka kumapeto, koma ine sindiikonda: imathetsa vuto limodzi n'kusintha kapezedwe ka zinthu zina zimene simunazifunse. Ngati pulogalamu yaikulu ndi chowonjezera zonse ndi zanu, kuli bwino kuziika pansi pa foda imodzi ndi kugwiritsa ntchito workspaces, imene npm ili nayo kuyambira pa 7 mu 2020. Pamenepo npm imaika maulalo yokha, ndipo malaibulale ogwirizana amakhala pamalo amodzi.

Pa kompyuta yanga zonse zikuyenda. Ndatumiza, anzanga aika, zakana. Nanga si ndinayesa?

Munayesa foda yanu, osati phukusi lanu. Pa mafunso onsewa ili ndiye lofunika kulimvetsa, chifukwa chimene chimachititsa ulalo kukoma ndi chomwechonso chimene chimaubisitsa zolakwika. Wodyera kukhitchini ndiwo zikachepa mchere amangotambasula dzanja, koma amene mwamutumizira chakudya kumunda ali ndi zokhazo zimene mwaika m'kontena. Ulalo umapatsa pulogalamu foda yanu yonse ndi chilichonse chili m'menemo, pamene mnzanu amalandira zokhazo zimene zalowa m'phukusi.

Zosowazo zimakhala za mitundu yodziwika. Fayilo imene khodi imaifuna siinalembedwe pa gawo la `files` mu `package.json`, kapena `.npmignore` yaitsekera kunja. Laibulale yofunika pulogalamu ikamayenda inalembedwa mu `devDependencies`; kwa inu ilipo, koma kwa woika phukusi siitsitsidwa. Laibulale ina simunailembe paliponse, imangopezeka chifukwa munaiika chaka chatha pa ntchito ina. Foda ya zomangidwa ilipo kwanu koma git inauzidwa kuti isaitenge. Fayilo yatsopano munaiiwala pa `git add`. Ku Python, mafayilo osakhala khodi, monga ma template ndi ma JSON, amatsalira ngati simunauze chida chomangira kuti chiwanyamule. Ndipo macOS mmene imabwerera siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a mafayilo, pamene Linux imasiyanitsa, moti `Config.js` ndi `config.js` kwa inu ndi imodzi, kwa mnzanu ndi ziwiri.

Choncho musanatumize, chotsani ulalo muike phukusi lenileni. `npm pack --dry-run` imakuonetsani mndandanda wa mafayilo amene alowe. Uwerengeni mzere ndi mzere. `npm pack` imatulutsa fayilo ya `.tgz` imene mungaiike ndi `npm install -g` monga adzachitire wina aliyense. Ku Python, `python -m build` imatulutsa wheel m'foda ya `dist`, ndipo muiike mu venv yatsopano yopanda kalikonse. Pa gh, tumizani ntchitoyo pa GitHub, chotsani cholumikizidwacho, muike kuchokera kumeneko. Chikayenda pamenepo ndiye mwayesa. Ena amaona ngati ndi ntchito yobwereza, koma mphindi zochepazi n'zotchipa poyerekeza ndi kutulutsa nambala yatsopano yongokonzera fayilo imodzi yoiwalika.

Pa Windows zimathekanso?

Zimatheka, koma mozungulira. Kupanga symlink pa Windows kumafuna mphamvu za administrator, kapena kuyatsa Developer Mode, imene inayamba kulola zimenezi pa Windows 10 mu 2017. N'chifukwa chake zida zambiri zimazemba. npm imagwiritsa ntchito junction, ulalo wa mafoda okhaokha umene sufuna mphamvu zapadera, ndipo inunso mungaupange ndi `mklink /J`. gh imangolemba kafayilo wamba kokhala ndi njira ya foda yanu. Mukamanyamula ntchito pa flash, kumbukirani kuti FAT32 ndi exFAT sizisunga symlink, ndiye foda yokhala ndi maulalo ikadutsa pamenepo imafika itasintha.

Pali choopsa chilichonse posiya chowonjezera chili cholumikizidwa?

Chilipo, ndipo chimachokera pa kuiwala. gh imakana chowonjezera chotenga dzina la lamulo lake lenileni, koma oclif inapangidwa mosiyana: chowonjezera cholumikizidwa chimaposa chija munaika mwa masiku onse, ngakhalenso chija chinabwera ndi pulogalamuyo. Anachitira dala, kuti wokonza lamulo lomwe lilipo kale athe kuyesa zosintha zake. Koma taganizani munthu amene analumikiza sabata yatha, waiwala, lero akutumiza zinthu ku seva yeniyeni ya kasitomala. Lamulo limene akulemba ndi lozolowereka, koma khodi imene ikuyenda pansi pake ndi yake yosatha ija.

Ulalo suona nthambi za git. Mukalemba `git checkout` kupita ku nthambi ina, chida chanu chasintha nthawi yomweyo, popanda kukuuzani. Mukalumikiza foda ya ntchito ya munthu wina, `git pull` iliyonse ndi chimodzimodzi kuika pulogalamu yatsopano musanaiwerenge. Ndipo chowonjezera chimayenda ndi mphamvu zanu zonse: chikhoza kuwerenga mafayilo anu, ndi ma token amene pulogalamu yaikulu inasunga. Khodi ya mlendo iwerengeni musanailumikize, ndipo musanagwire ntchito yosabwezeka onani mndandanda wa zowonjezera kuti mudziwe chimene chili cholumikizidwa.

Ndikamaliza ndichotsa bwanji?

Gwiritsani ntchito lamulo la pulogalamu yomweyo: `gh extension remove moni`, `sf plugins unlink` ndi dzina la chowonjezera, kapena `pip uninstall`. Zonsezi zimachotsa cholozera chokha, foda yanu siikhudzidwa. Ku npm maulalo ndi awiri aja, ndiye `npm unlink` ndi dzina m'foda ya pulojekiti imachotsa wa mu `node_modules`, ndipo `npm rm -g` ndi dzina imachotsa wa kompyuta yonse. Dziwani kuti `npm unlink` ndi dzina lina chabe la `npm uninstall`, choncho ikhoza kufufutanso phukusilo mu `package.json`; onjezerani `--no-save` ngati mukufuna likhalebe, kenako `npm install` ibweretse kope la pa intaneti.

Ulalo umene munaupanga nokha ndi `ln -s` muuchotse ndi `unlink` kapena `rm` wamba, dzina lake lopanda `/` kumapeto. Apa chenjerani kwambiri, chifukwa mukadina Tab kuti terminal ikumalizireni dzina imatha kuwonjezera `/` yokha, ndipo `rm -rf` ikapatsidwa dzina lotero ikhoza kulowa m'foda yeniyeni n'kufufuta ntchito yanu m'malo mwa ulalo. Chotsaninso ulalo musanasunthe foda kapena kuisintha dzina. Mukatero mochedwa umatsala ukulozera kopanda kanthu, ndipo pa Linux `find ~/.local/bin -xtype l` ndi imene ingakuonetseni maulalo onse oduka a m'fodamo.